Wotchi ikuti mtima wanga ukugunda ka 176 pa mphindi, koma sindikumva kutopa

Mlendo_wa_Area25
Anzanga a pagulu pano, safunsa anadya phula. Ndili ndi zaka 43, ndipo ndinayamba kuthamanga m'mamawa adokotala atandiuza kuti thupili lichepe. Mlamu wanga anandibweretsera wotchi ya pamkono kuchokera ku Joni, yoyeza kugunda kwa mtima ndi mtunda womwe. Ndikangoyamba imalemba 130, 135, bwinobwino. Pakapita mphindi zingapo imangodumpha n'kufika 174 kapena 176, n'kukakamira pomwepo mpaka ndikafike pakhomo. Chonsecho ine ndimathamanga pang'onopang'ono, moti ndimatha kupatsana moni ndi amayi osesa mumsewu osabanika. Ndinamva kuti malire a mtima ndi 220 kuchotsapo zaka zako, ndiye kuti anga ndi 177. Kodi ndikudzikumbira manda ndekha, kapena wotchiyi ikundinamiza? Mayi a kunyumba ayamba kale kunena kuti ndisiye zimenezi.

Kabaza_Express
Siyani wotchiyo akulu, osati kuthamanga kkkk. Ife timakwera chitunda titanyamula munthu ndi thumba lake la makala, palibe anatiyezapo mtima, tilipo.

Fundi_wa_Mafoni
Bwana, musanataye mtima taonani kaye ichi. Tsegulani pulogalamu ya wotchiyo pa foni, mupeze pamene pamaonetsa masitepe amene mumaponda pa mphindi. Ndikukhulupirira mupeza nambala yoyandikana ndi 175 yomweyo. Mzere wa mtima ndi mzere wa mapazi zikamayendera limodzi, dziwani kuti wotchi yasiya kuwerenga mtima, yayamba kuwerenga mapazi.

Tembenuzani wotchiyo. Kunsi kwake kuli timagetsi tobiriwira tophethiraphethira, pambali pake kadiso koyeza kuwala kumene kwabwerera kuchokera m'khungu. Magazi amameza kuwala kobiriwira. Mtima ukagunda n'kukankhira magazi m'timitsempha ta pamkono, kuwala kobwerera kumachepa. Magaziwo akadutsa kumachulukanso. Wotchi imangowerenga kukwera ndi kutsika kumeneko. Tsono mukamathamanga, phazi likagunda pansi wotchi imagwedera, kuwala kwa panja kumalowa m'mbali, magazi a m'mkono nawonso amayendayenda ndi kugwedeza kwa mkono. Zonsezi zimabwera motsatizana bwino lomwe, phazi ndi phazi, ndipo nthawi zina zimaposa mphamvu kachizindikiro ka mtima kaja. Makina a m'katimo amasokonezeka n'kugwira cholakwika.

Mankhwala ake ndi osavuta. Ikwezeni wotchiyo zala ziwiri pamwamba pa kafupa kotuluka ka pamkono, pamene pali mnofu. Imangeni ithine ndithu, kuti mukagwedeza dzanja isasunthe, mukamaliza muimasule. Pukutani kagalasi ka kunsiko, mafuta odzola amakamata. M'mamawa wa June manja akazizira magazi amathawa pakhungu, ndiye vutoli limakula.

NesiWaUsiku
A Fundi afotokoza bwino, ndipo mwina ndi zomwezo. Koma ndisakubiseni achimwene: mtima weniweniwo umathanso kudumpha mwadzidzidzi chomwecho. Pali matenda ena a kagundidwe ka mtima amene munthu amachoka pa 130 kufika 180 m'kanthawi kochepa, n'kukhala pamenepo, kenako n'kutsikanso mwadzidzidzi. Choncho tisathamangire kuiimba mlandu wotchi tisanafunse mwini wake mtimayo.

Mawa ikadumpha, imani pompo. Ikani zala ziwiri pakhosi, pambali pa kholingo, kapena pamkono m'munsi mwa chala chachikulu. Werengani kwa masekondi 15, muchulukitse ka 4. Musachedwe, chifukwa mukangoima mtima umayamba kutsika. Ngati 176 ndi yoona, muwerenga cha m'ma 44, ndipo mumva kuti zala zikulephera kutsatira. Mukawerenga 33, 34, 35, ndiye kuti a Fundi apambana.

Koma mukamamva kupweteka kapena kuthina pachifuwa, chizungulire, mdima m'maso, mtima kuphaphatika ngakhale mutakhala pansi, kapena befu losagwirizana ndi liwiro lanu, musabwere kudzafunsa pagulu pano. Pitani kuchipatala akakujambuleni mtima pa ECG. Pa zaka zanuzo, ndiponso poti adokotala anakuuzani kale za thupi, kukayezetsa BP ndi shuga si kutaya nthawi.

Fundi_wa_Mafoni
Anesi anena zoona, ine ndimakonza mafoni osati anthu. Ndingowonjezera kuti cholakwa cha wotchi chimadziulula chokha: mukasintha kaponyedwe ka miyendo, nambala nayo imasintha nthawi yomweyo. Mtima suchita changu chotero.

Benoni_Mnyasa
Ine yankho langa ndi limodzi: gulani lamba wa pachifuwa, nkhani ithe. Kuno ku Joni anzanga ambiri okonzekera mpikisano wothamanga wa Comrades amavala wotchi pamkono, koma ya mtima amatengera pa lamba.

Kusiyana kwake n'kwakuti lamba sagwiritsa ntchito kuwala. Mtima usanagunde pamadutsa kamphamvu ka magetsi kamene kamauza mnofu wake kuti ufinyike, kamphamvu komwe kaja amajambula pa ECG kuchipatala. M'kati mwa lambayo muli tizigamba tiwiri tosalala tokhudza khungu m'munsi mwa mabere, ndipo timatola kamphamvuko. Kabokosi ka pakati kamawerenga n'kutumiza ku wotchi kapena ku foni popanda waya, kudzera pa Bluetooth kapena ANT+. Mapazi agunde bwanji, iye alibe nazo ntchito. Ndipo ukathamangitsa liwiro mwadzidzidzi amatsatira msanga, pamene wa pamkono amatsalira m'mbuyo masekondi angapo.

Si zachilendo ayi. Kampani ya Polar ya ku Finland inayamba mu 1977, woiyambitsa ndi Seppo Säynäjäkangas wa ku yunivesite ya Oulu, ndipo mu 1982 inatulutsa chipangizo choyamba choyeza mtima chovala pathupi chopanda waya. Chinali lamba ndi wotchi, monga lero lino. Timagetsi tobiriwira tafika dzulodzuloli.

Pa Comrades mpamene ndinaona phindu lake. Mtunda ndi pafupifupi makilomita 90 pakati pa Durban ndi Pietermaritzburg, ndipo akaomba mfuti maola 12 atakwana, amene sanafike alibe mendulo. Pochoka ku Durban mdima udakalipo, khamu likukokera, miyendo ili yopepuka, munthu umamva ngati ukuyenda bwino pamene mtima wakwera kale. Ukakwera zitunda za Fields Hill ndi Botha's Hill mwa phuma, ngongole yake umakabweza pa chitunda cha kumapeto cha Polly Shortts ukukwawa. Ine ndimaika malire, wotchi ikalira ndimayenda pansi, anthu azindipitirira. Ambiri a iwo ndimakawapeza atakhala m'mbali mwa msewu madzulo.

Nachisale_BT
Azibambo mumatamanda lambayo chifukwa simuvala bra. Lamba amakhala pamalo omwewo pamene pamadutsa mpira wa bra, ziwirizo zikamakhulana ndi thukuta khungu limasupuka. Ukamakasamba madzi akafika pamenepo umaitana amayi ako. Wanga ali m'kabati, sindimufunanso.

Nyenyezi_ku_Leeds
Asisi, ndinadutsamo. Yesani wovala pamkono wa pamwamba, pakati pa chigongono ndi phewa. Makampani angapo amapanga, monga Polar ndi Coros. Amagwiritsa ntchito kuwala ngati wotchi yomwe, koma pamenepo pali mnofu wambiri, sipagwedera ngati pamkono wa m'munsi, ndiye nambala zake zimayandikira za lamba. Kuno nyengo yozizira ndimamuvala m'kati mwa juzi, wotchi n'kukhala kunja pamwamba pa mkono wa jekete kuti ndiziiona. Ngati mukufunabe kubwerera kwa lamba, pakani Vaseline m'mphepete mwake mokha, osati pa tizigamba tija, apo ayi asiya kuwerenga.

Chikanga_Zomba
Nonse mukuzungulira. Zinthuzi anapangira azungu. Kuwala kwa wotchiko sikulowa bwino pakhungu lakuda, ndiye akuluwa asadabwe. Nthawi ya Covid zinadziwika poyera kuti tija totsina chala timanama pa anthu akuda.

Mphunzitsi_wa_Sayansi
Mbali ina mukunena zoona, achimwene, koma mwaphatikiza zinthu ziwiri.

Totsina chala tija timayeza mpweya wa m'magazi, ndipo timagwiritsa ntchito kuwala kofiira ndi kwina kosaoneka ndi maso. Kumapeto kwa 2020 ofufuza a ku yunivesite ya Michigan anaonetsa kuti odwala akuda amene mpweya wawo unali wotsika kwenikweni, kachipangizoko n'kumalemba kuti zili bwino, anali ochuluka pafupifupi katatu poyerekeza ndi azungu. Imeneyo ndi nkhani yaikulu, yokhudza moyo.

Kuwerenga kugunda kwa mtima ndi ntchito ina, yopepukirapo, chifukwa wotchi sifunika kudziwa kuchuluka kwa chinthu m'magazi, imangofunika kuona kukwera ndi kutsika. N'zoona kuti khungu lakuda limameza kuwala kobiriwira kochuluka, choncho kobwerera ku kadiso kaja kamakhala kofooka. Koma chaka chomwecho cha 2020 a ku yunivesite ya Duke anayesa mawotchi angapo pa anthu 53 a makungu osiyanasiyana, akuyerekeza ndi ECG, ndipo sanapeze kusiyana koonekera chifukwa cha khungu. Chimene chinakulitsa zolakwa chinali kugwedezeka kwa thupi. Ena anatsutsa kuti anthu 53 ndi ochepa, makamaka akuda bii anali owerengeka, ndipo kudandaula kumeneko n'komveka. Ine ndimaona chonchi: chizindikiro chikafooka kale chifukwa cha khungu, wotchi yomasuka ndi manja ozizira zimachimaliza msanga. Ndiye ife tiyenera kusamala kamangidwe kuposa anzathuwo. A matatuu pamkono ndiye vuto lawo n'lodziwikiratu, inki imatchinga kuwala.

Chikanga_Zomba
Ndiye mwavomera, aphunzitsi, mwangotalikitsa. Anthu 53 ndi kalasi imodzi ya Sitandade 1 yosakwana n'komwe.

Mphunzitsi_wa_Sayansi
Ndavomera kuti funsolo lilipo, sindinavomere kuti ndi limene ladumphitsa nambala ya akuluwa. Anthu a khungu loyera nawonso amadandaula za wotchi yowerenga mapazi.

Tsabola_wa_Kale
Inu mukukamba za mayunivesite, ine yanga ndinagula pamsika kwa anyamata oyala pansi aja. Tsiku lina ndinaivula n'kuiika patebulo, ikulembabe 78. Mwana wanga anaimanga pa nthochi, 81. Ndiye kaya nthochi za ku Thyolo zili ndi mtima kkkkk.

Fundi_wa_Mafoni
Zotero zimafika pabenchi langa kawirikawiri. Ukaitsegula umapeza kagetsi kobiriwira kalipo, koma kadiso koyeza kulibe, kamangoyaka kokongoletsa, nambala zimachokera m'mutu mwa pulogalamu. Komabe nthochi si mboni yokwanira, chifukwa ngakhale mawotchi enieni ena amapusitsika ukawamanga pa chinthu chobweza kuwala. Mayeso abwino pogula ndi awa: ivaleni, onani nambala, kenako nyonyomalani ndi kuimirira mofulumira kwa mphindi imodzi pamaso pa wogulitsayo. Yeniyeni ikwera ndi 20, 30 kapena kuposa, n'kumatsika pang'onopang'ono. Yabodza ingosewera pakati pa 70 ndi 85. Zimene zimati zimayezanso BP ndi shuga pa mtengo wa nkhuku ziwiri, zisiyeni pomwepo.

Madala_a_Kale
Ana inu mwandiseketsa. Ife tinkathamanga mipikisano ya sukulu opanda nsapato, wotchi inali imodzi, ya aphunzitsi a masewera, yolendewera pakhosi. Pitani ku Mulanje mu July mukaone Porters Race, anyamata onyamula katundu wa alendo akukwera phiri ndi kutsika, muwafunse kuti mtima wawo uli pa nambala yanji.

Aphunzitsi athu ankati ukamathamanga ulendo wautali uzitha kucheza ndi mnzako. Ukamatha kunena mawu atatu okha n'kupuma, wawonjeza. Ukamalephera kuyankha dzina lako, uli pa mpikisano. Akuluwa anena okha kuti amapereka moni osabanika. Thupi lawauza kale kuti zili bwino, koma akukhulupirira kagalasi. Chimene chimandidandaulitsa n'chakuti masiku ano munthu akaiwala wotchi amabwerera kunyumba, akuti kuthamanga kosalembedwa sikuwerengedwa. Ndinaonapo mnyamata akuzungulirazungulira pageti pake kuti nambala ikwane makilomita 10.

Nachisale_BT
Madala, wozungulira pagetiyo ndi ine ndemwe, musandiyalutse.

Benoni_Mnyasa
Madala, ulemu wanu, ndipo za kucheza pothamanga sinditsutsa, mpaka lero makochi amaphunzitsa zomwezo. Koma inu munayamba muli ana, thupi lanu mumalidziwa. Munthu woyamba pa zaka 40 sadziwa kuti pang'onopang'ono n'chiyani. Amathamanga tsiku lililonse ndi mphamvu zake zonse poopa kuti anthu amuseka, pakatha mwezi bondo latupa, wasiya. Wasayansi wina, Stephen Seiler, anafufuza mmene akatswiri a mitunda italiitali amakonzekerera, n'kupeza kuti pafupifupi magawo 80 pa 100 alionse a maphunziro awo amakhala opepuka. Ife wamba timachita zosemphana. Kwa ine ntchito yaikulu ya chipangizochi ndi kundigwira malaya kuti ndichepetse, osati kundithamangitsa.

Madala_a_Kale
Ndiye mwalipira marandi ambirimbiri kuti makina azikuuzani kuti musathamange. Bwerani kwa ine ndizikuuzani ulere.

Mphunzitsi_wa_Sayansi
Tibwerere kwa mwini funso, chifukwa pali chinthu china chimene chamuopseza: 220 kuchotsapo zaka. Samuyi si lamulo la thupi. Ndi chiyerekezo chapakatikati cha anthu ambiri, ndipo munthu payekha amatha kusiyana nacho ndi 10 kapena kuposa, kumwamba kapena kumunsi. Mu 2001 Hirofumi Tanaka ndi anzake anapereka ina: 208 kuchotsapo zaka zako utazichulukitsa ndi 0.7. Pa zaka 40 ziwirizi zimakumana pa 180. Kwa wa zaka 60 yakale imapereka 160, ya Tanaka 166. Koma nayonso ndi chiyerekezo basi.

Chachiwiri, nambalayo si mpanda woti ukaukhudza umagwa. Ndi pamene mtima wako umalekezera ukaukakamiza kotheratu, ndipo palibe amene angakhale pamenepo theka la ola akupereka moni. Zimenezi zokha zikusonyeza kuti penapake pali cholakwika, kaya ndi wotchi kaya ndi samuyo.

Vuto lina n'lakuti wotchi imatenga samu yomweyo n'kugawa kugunda kwa mtima m'magawo asanu a mitundumitundu, kuyambira kuthamanga kopepuka mpaka kolemetsa. Malire akalakwika, magawo onse alakwika, mpaka uthenga woti upume maola angapo nawonso walakwika. Pa VO2 max imene imalembayo, nambala ya kuchuluka kwa mpweya umene thupi limatha kugwiritsa ntchito likalimbikira kotheratu, wotchi siiyeza mpweya wanu ayi, imangoyerekeza poona liwiro ndi kugunda kwa mtima. Ikamawerenga mapazi m'malo mwa mtima, idzakuuzani kuti ndinu wofooka kuposa mmene mulili.

Chigwa_cha_Shire
Ine ndili ndi lamba, ndiye za mapazizo sizindikhudza, koma ndili ndi funso langa. Ndimagwira ntchito ku Nsanje. Mwezi wa June njira yanga ndimaimaliza mtima uli cha m'ma 145. Njira yomweyo, liwiro lomwelo, mu October ndimayamba pa 145 koma pomaliza ndili pa 165, ngakhale ndidzuke 5 koloko. Ndiye kuti mphamvu zikutha, kapena lamba wakalamba?

NesiWaUsiku
Lamba alibe mlandu, ndi dzuwa la kwanuko. Kukatentha thupi limatumiza magazi ambiri kukhungu kuti lizizire, thukuta nalo limachotsa madzi m'magazi. Obwerera kumtima amachepa, ndiye pa kugunda kulikonse umatulutsa ochepa. Zili ngati mjigo madzi akatsika m'chilimwe: chidebe n'chomwecho, koma umapopa kambirimbiri kuti chidzaze. Mu October tsatirani mtima, liwiro litsike, ndipo imwani madzi musananyamuke. Mkodzo ukakhala wachikasu kwambiri m'mawa, mwayamba kale ndi ngongole.

Poti tafika pamenepa, nambala imene ine ndimaikonda pa mawotchiwa si ya pothamanga, ndi ya pogona. Munthu amene mtima wake umagunda 58 akagona, n'kudzuka wotchi ikuti 70 masiku awiri otsatizana, kanthu kalipo: kusagona, mowa, kutopa kwambiri, kapena matenda akubwera. Thupi likatentha ndi digiri imodzi mtima umawonjeza pafupifupi 10. Kwathu kuno zikatero, ndiponso mutu ukuwawa kapena m'mfundo mukuphwanya, kayezetseni malungo, musakathamange kuti mutulutse thukuta. Kuchepa kwa magazi nakonso kumakweza nambalayi, makamaka kwa amayi.

Ndipo amene mumamwa mankhwala a BP monga atenolol kapena propranolol, dziwani kuti amenewa amaugwira mtima kuti usathamange. Mukhoza kutopa zedi wotchi ikulemba 120. Musakakamire kufika pa nambala ya mnzanu, ndipo musasiye mankhwala chifukwa cha wotchi.

Benoni_Mnyasa
Kukwera kwa malo nakonso. Johannesburg ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750 kuchokera pa nyanja yamchere. Obwera kuchokera ku Durban kapena Cape Town sabata yoyamba mtima umakhala pamwamba pa liwiro limene anazolowera.

Mlendo_wa_Area25
Zikomo nonse. Ndaona pa foni monga ananenera a Fundi: masitepe 175, mtima 176, mizere iwiriyo yagundana kuyambira pamene inadumphira. Lero m'mawa itadumpha ndinaima pafupi ndi pogulitsa mandasi n'kugwira pakhosi, ndinawerenga 35. Mayi wa mandasiyo anandifunsa ngati ndikufuna madzi. Kenako ndinaikweza wotchi n'kuithinitsa, ndipo mpaka kunyumba sinadutse 148. Anesi, ku BP ndi ECG ndipitabe, ndalonjeza kale kunyumba. Funso lina: lamba ameneyu amafuna bandulo? Chifukwa ngati ndi choncho, ayi.

Fundi_wa_Mafoni
Safuna. Bluetooth ndi ANT+ ndi za pakati pa zipangizo ziwiri zoyandikana, sizidutsa pa netiweki. GPS nayonso ndi yaulere, wotchi imangomvera masetilaiti, situmiza kanthu. Bandulo imalowa pokhapokha mukamakweza zolembedwazo pa intaneti kuti anzanu aone. Musanagule lamba onetsetsani kuti wotchi yanu imalola kulumikiza chipangizo china, si onse amatero. Ikakana, lamba wa Bluetooth amalumikizika ku foni mwachindunji.

Nachisale_BT
Pa zokweza pa intanetizo ndiimepo, makamaka kwa atsikana. Ukaika ulendo wako pa Strava, pulogalamu imene othamanga amaonetseranapo maulendo awo, osatseka, aliyense amaona mapu: geti limene watulukira, ola limene umanyamuka, njira imene umadutsa kudakali mdima, masiku amene umakhala wekha. Mnzanga wina analandira uthenga kwa munthu wosamudziwa womuuza kuti wachedwa kudzuka lero. Anasintha njira sabata yomweyo. Lowani m'makonzedwe, bisani poyambira ndi pothera, ndipo lolani anthu okhawo amene mumawadziwa nkhope. Kapena muziyatsa wotchi mukafika pamsewu waukulu.

Nyenyezi_ku_Leeds
Ngakhale asilikali anagwa nazo. Mu January 2018 wophunzira wina wa ku Australia, Nathan Ruser, anaona kuti mapu a Strava oonetsa njira zimene anthu amathamangamo kwambiri akuwala pakati pa chipululu ku Syria ndi ku Afghanistan. Anali asilikali akuzungulira m'misasa yawo atavala mawotchi, mpaka maonekedwe a misasayo ankaoneka. Ndipo si mapu okha. Kampani imasunga kagonedwe kako, kugunda kwa mtima wako usiku, ena mpaka masiku a kumwezi. Ndani mwa ife anawerengapo zimene tinavomera podina paja?

Kabaza_Express
Mtima kugunda 150 nthawi ya 11 koloko usiku, iwe unatsanzika kuti uli ku maliro. Mawotchiwa athetsa mabanja, ndanena ine.

Woyang'anira_Gulu
A Kabaza, pagulu pano pali azibusa. Tiyeni tibwerere ku zothamanga.

Chikanga_Zomba
Chabwino, za mtima mwaziteteza. Nanga mtunda? Mchimwene wanga anathamanga marathon ku Cape Town, wotchi yake inalemba makilomita 42.7, pamene amati mpikisano ndi 42.195. Wina mwa awiriwa akuba, kaya okonza mpikisano kaya wotchi.

Mphunzitsi_wa_Sayansi
Palibe wakuba. Njira ya marathon yovomerezeka amaiyeza ndi njinga yokhala ndi kachipangizo kowerenga kuzungulira kwa tayala, Jones counter, ndipo woyezayo amadula makona onse, kutsata njira yaifupi kwambiri imene wothamanga angadutse. Pamwamba pake amawonjezera mita imodzi pa kilomita iliyonse kuti njira isapereweze, ndiye kuti mamita 42. Mchimwene wanuyo sanadule makona onse. Anazemba anthu, anapatukira ku matebulo a madzi, mwina anakataya madzi kuseri. GPS nayo imalemba malo ako kamodzi pa sekondi kapena motalikirapo, kadontho kalikonse kakuphonya ndi mamita angapo, ndipo ukalumikiza timadonthoto mzere umatuluka wokhotakhota, wotalika kuposa weniweni. Pakati pa nyumba zitalizitali ndi pansi pa mitengo zimanyanya. Yesani m'nkhalango ya pa Zomba Plateau, muone mapu akukuonetsani mukudumpha zigwembe.

Chigwa_cha_Shire
Anesi zikomo, ndayamba kunyamula botolo. A Benoni, lamba wanga wayamba khalidwe lina: mphindi zoyambirira amalemba 200, kenako n'kukhazikika. Ndimutaye?

Benoni_Mnyasa
Musamutaye. Khungu likakhala louma tizigamba sititola bwino, ndiye amapenga mpaka thukuta litabwera. Nyowetsani tizigambato ndi madzi musanamuvale, ena amangopaka malovu. Malaya a nayiloni okhulana ndi kabokosi nyengo youma nawonso amasokoneza. Mukabwerako chotsani kabokosiko pa lamba, chifukwa lamba akadali wonyowa kamaganiza kuti mukadavala, batire n'kumatha usiku wonse. Lambayo mutsukuluze ndi madzi, mchere wa thukuta ndi umene umamudya, ndipo muyanike pamthunzi. Zikapitirira sinthani batire. Ndi kaja kozungulira kophwatalala, ambiri amalowa CR2032, Polar H10 amalowa CR2025, onani nambala pa kakaleko musanapite kokagula. Nsalu ya lamba imatha msanga kuposa kabokosi, ndipo imagulitsidwa payokha.

Nachisale_BT
A Chigwa, ngati nsalu yanu yatha, wanga uja ali m'kabati ndi wa saizi yapakati. Ndilembereni kumbali, ndimpatsira kondakitala wa basi ya ku Nsanje.